Kachisi wa ku Karnak pakhoma la laibulale: ahedi akuti ndajambula chitenje

Wazikwangwani wa ku Limbe:
Akuluakulu, ndakodwa kuno. Sukulu ina yapulaiveti inandipatsa ntchito yojambula khoma la mulaibulale, mamita 6 m'litali, 3 kukwera m'mwamba. Ahedi anati akufuna kachisi wa ku Egypt mmene ankaonekera ali watsopano, poti ana awo amaphunzira za Egypt wakale. Ndinasankha holo ya nsanamira ya ku Karnak ija. Ndatha sabata ziwiri ndili pamakwerero. Dzulo abwera, manja kumbuyo, ayang'ana kanthawi, kenako akuti, "Bambo, ichi ndi chitenje. Ku Egypt zinthu ndi za mtundu wa mchenga." Akufuna ndipake khaki ponseponse, ndiike mapiramidi atatu kumbuyo ndi ngamila imodzi. Theka la ndalama akadali nalo iwo. Chithunzi ndi chimene ndatumiza pamwambapo. Inenso mtima ukundiuza kuti pena pake sipali bwino, koma sindikupagwira. Ndithandizeni ndisanatsegule chitini cha khaki.

Wamadirama:
Aise, ngamila ndi ya maminitsi 20. Jambula, landira ndalama, uzipita. Ine ndinajambulapo Farao atavala wotchi chifukwa mwini sewero anafuna choncho.

Mayi wa Zamabuku ku Zomba:
Chitinicho chisiyeni kaye chotseka, achimwene. Pa nkhani ya mitundu ahedi alakwa, inu mwakhoza. Mtundu wa mchenga umene amauona pazithunzi za alendo ndi mwala wosupuka, penti anachoka ndi dzuwa, mphepo, chinyezi ndi mchere wa m'nthaka. Akachisi aja ankapakidwa kuyambira pansi mpaka kudenga. Musalimbane nawo ndi pakamwa, aonetseni pafoni. Fufuzani zithunzi za kachisi wa ku Esna, kumene akatswiri a boma la Egypt ndi a yunivesite ya Tübingen ya ku Germany anayamba kuchotsa mwaye ndi litsiro mu 2018. Mitundu imene yatuluka kunsi kwa mwayewo ndi yoti munthu nkumati apaka chaka chatha. Muwaonetsenso madenga a ku Medinet Habu ndi makoma a kachisi wa mfumu Seti I ku Abydos. Ngakhale ku Karnak komweko, kunsi kwa mitanda yamiyala kumene dzuwa silifika, penti akadalipo.

Koma ndikuuzeni chimene chawachititsa kunena kuti chitenje. Mwaika pinki, pepo ndi olenji wowala uja wa pazikwangwani za malo ogulitsira mayunitsi. Anthu aja analibe zimenezo m'mbale zawo. Mitundu yawo yaikulu inali isanu ndi umodzi: wofiira ndi wachikasu wochokera ku dothi, wakuda wa mwaye kapena makala, woyera wa miyala ya laimu ndi jipisamu, buluu, ndi wobiriwira. Buluuyo ankachita kuphika, kusakaniza mchenga, mkuwa, laimu ndi mchere wa natron, nkuwotcha pamoto waukulu kenako nkupera. Ndiye mukachepetsa mitundu yanu kufika pa isanu ndi umodziyo, nkuiyala pa maziko oyera, uchitenje wonse utha.

Madala a Pulasitala:
Wofiira ndi wachikasu musavutike nazo kusakaniza. Kaguleni red oxide ndi yellow oxide wa m'hadiweya, yemwe uja timathira mu simenti ya pansi. Musungunule kaye m'madzi pang'ono asachite mibulu, kenako muthire mu PVA woyera pang'onopang'ono. Ndi ngati dothi lomwelo limene amayi akunenali, koma lopangidwa ku fakitale. Siliwala ngati penti wa mafuta ndipo silifwifwa msanga. Kodi khomalo munapaka andakoti?

Wazikwangwani wa ku Limbe:
Ndinapaka, madala, kawiri. Zikomo amayi, za pinki ndavomera, dzanja linazolowera zikwangwani. Koma kodi vuto ndi mitundu yokha? Ine ndikamayang'ana chikuoneka ngati khonde la hotela.

Wamapulani ku Johannesburg:
Chikuoneka ngati khonde la hotela chifukwa mwachotsa denga, achimwene. Mwajambula nsanamira zopaka penti watsopano koma pamwamba pali thambo ndi dzuwa, ngati mmene pakuonekera lero denga litagwa. Ndiye mwaphatikiza bwinja ndi nyumba yatsopano m'chithunzi chimodzi.

Holo ija inali yofoleredwa ndi miyala ikuluikulu yafulati. Ili ndi nsanamira 134. Zapakati 12, zisanu ndi imodzi mbali iyi ndi zisanu ndi imodzi mbali inayo, ndi zazitali pafupifupi mamita 21. Zina 122 za m'mbali ndi zofupikirapo. Kusiyana kumeneko ndiye chinsinsi cha kuwala konse. Denga lapakati linali pamwamba, la m'mbali lili m'munsi, ndipo pampata wa pakati pa madenga awiriwo anaikapo mawindo amiyala ong'ambidwa timipata toimirira. Ena mwa mawindowo akadali chiimire, muwaona pazithunzi. Choncho kuwala kunkalowa cham'mwamba, mopendekeka, kugwera mumsewu wapakati, ndipo munthu akamalowera m'mbali mdima unkanka nukula. Inu mwawalitsa nsanamira iliyonse mofanana.

Chachiwiri ndi msinkhu. Munthu amene mwamuimika kutsogoloyo akufika pafupifupi theka la nsanamira. Tiyeni tiwerengere. Khoma lanu ndi mamita 3. Tinene kuti nsanamira yoyandikira kwambiri itenge mamita 2.7, otsalawo akhale a mtanda ndi denga. Ngati mamita 21 asanduka 2.7, munthu wa mamita 1.7 ataima patsinde pake akhala masentimita 22 okha. Kunenepa kwa nsanamira yapakati kumaposa mamita 3, ndiye pakhoma panu ikhale masentimita 40 ndi kanthu. Zanuzo ndi zowonda ngati mapolo a magetsi, komanso mwazitalikitsa. Zenizenizo ndi zothithikana, munthu sungaone patali ukayang'ana chopingasa. Mzere wa maso muutsitse ufike pamutu pa kamunthu ka masentimita 22 kaja, kuti mwana akaima mulaibulale azimva ngati nsanamira zikumugwera.

Wamadirama:
Masentimita 22? Ahedi adzati mwajambula nyerere.

Wamapulani ku Johannesburg:
Nyerereyo ndi imene idzawauze kukula kwa nyumbayo.

Aphunzitsi Opuma ku Dedza:
Ndalowa mochedwa, ndinali kumunda. Mwana wanga, ndakuza chithunzi chako pafoni ndipo ndaona mitu ya nsanamira. Ina ili ndi masamba a kanjedza, ina maluwa osanjikizana, ina nkhope ya mkazi wa makutu a ng'ombe. Unazitenga kuti?

Wazikwangwani wa ku Limbe:
Pa intaneti, aphunzitsi. Ndinkasankha zokongola. Ina ndi ya ku Edfu, ya nkhopeyo ndi ya ku Dendera.

Aphunzitsi Opuma ku Dedza:
Ndinadziwa. Wamanga nyumba ya agogo ndi zitseko za chidzukulu cha chidzukulu. Holo ya ku Karnak anaimanga ndi Seti I, amene analamulira cha m'ma 1290 BC, ndipo mwana wake Ramesses II anapitiriza kuikongoletsa. Kachisi wa ku Edfu anayamba kumangidwa mu 237 BC nkutha mu 57 BC, nthawi ya mafumu achigiriki. Pakati pake pali zaka zoposa 1,000. Dendera ndi Esna anamangidwa mochedwa momwemonso, mpaka kulowa nthawi ya Aroma. Choncho ku Esna ukatengeko umboni wa penti monga anenera amayi, koma usatengeko mitu ya nsanamira.

M'holo ya ku Karnak mitu ndi ya mitundu iwiri basi, ndipo yonse ndi gumbwa. Zapakati 12 zija ndi gumbwa wotambasula ngala zake, ngati belu loyang'ana kumwamba. Za m'mbali 122 ndi gumbwa wosatsegula, wongofumbata. Taganiza bwino: zimene zili kowala ndi zimene zachanua, za mumdima sizinatsegule. Si zongokongoletsa zimenezo. Anthu aja ankakhulupirira kuti pachiyambi kunali madzi okhaokha, amene ankawatcha Nun, ndipo m'madzimo munatumphuka kachulu koyamba pamene mlengi anaimapo. Kachisi ankamangidwa ngati chithunzi cha m'mawa woyambawo. Holo ya nsanamira ndi dambo la gumbwa lozungulira chulucho. Denga ndi thambo. Ukamalowa mkati pansi pamanka pakwera pang'onopang'ono, denga likutsika, mdima ukukula, mpaka kukachipinda kakang'ono ka mulungu Amun, kamene ndiko chulu chenichenicho. Chipata cha nsanja ziwiri chakunja chija ankachiona ngati mapiri awiri amene dzuwa limatulukira pakati pake.

Ndiye ukadziwa kuti ukujambula dambo, dzanja lako lisintha lokha. Tsinde la nsanamira limaning'a pansi penipeni, ndipo pamenepo ankajambulapo masamba osongoka okuta tsinde, monga amachitira gumbwa weniweni potuluka m'matope. M'khosi, kunsi kwa mutu, pamakhala mizere isanu yozungulira ngati zingwe zomangira mtolo. Gumbwa ameneyu ndi yemwe uja wa kabokosi ka Mose m'Baibulo, ndipo ku Elephant Marsh ali mbwee. Ukapeza phesi limodzi uliike pafupi ukamajambula.

Mayi wa Zamabuku ku Zomba:
Aphunzitsi mwanditsegula maso pa nkhani ya kuchanua kowala, sindinaziganizepo choncho. Denga ndiye likhale buluu wakuda ndi nyenyezi zachikasu za nsonga zisanu, zoonda ngati kanthu ka miyendo isanu, zondandalika m'mizere. Osati nyenyezi zonenepa za pa mbendera. Mumsewu wapakati ankakonda kujambula miimba yotambasula mapiko, yondondozana kulowera mkati. Dulani sitensulo imodzi ya nyenyezi papulasitiki yolimba kapena pa filimu yakale ya ekiselo, koma mudule zazikulu zitatu zosiyana, chifukwa denga lanu likupita kutali ndipo nyenyezi ziyenera kumachepa.

Tsopano ndili ndi funso lina, achimwene, ndipo musakhumudwe. Zilembo zimene mwalemba pansanamira ya kumanjayo, munazitenga penapake kapena munangopeka?

Wazikwangwani wa ku Limbe:
Zina ndinakopera. Pamene panatsala malo ndinangodzazamo timbalame ndi timaso. Ya kumanjayo ndinatembenuza chithunzi cha ya kumanzere pafoni kuti zifanane.

Madala a Pulasitala:
Hahaha! Munthu wa zikwangwani kulemba zosawerengeka. Bwenzi utalemba GOLOSALE chobwerera m'mbuyo kasitomala atakulipira?

Mayi wa Zamabuku ku Zomba:
Madala musamuseke kwambiri, azungu amene anapita ku Egypt ndi Napoleon mu 1798 ankakoperanso zilembo zimene sankatha kuwerenga, poti katswiri wa ku France, Champollion, anadzatulukira kawerengedwe kake mu 1822. Nchifukwa chake zojambula zakale kwambiri zija ndi zabwino poonera maonekedwe a nyumba, koma si zodalira pa zilembo.

Kutembenuza pakokha si tchimo. Zilembo zawo zinkalembedwa kuyang'ana uku kapena uku, ndipo pazipata ankazitembenuza dala kuti mbali ziwiri ziyang'anizane. Lamulo lake ndi lakuti mbalame ndi anthu a m'zilembo amayang'ana kumene mawu akuyambira, ndipo mawu a munthu amayang'ana kumene mwini wakeyo wayang'ana. Lamulo lina ndi lakuti mfumu imajambulidwa ikulowa, kuyang'ana mkati mwa kachisi, mulungu akuyang'ana kunja kuilandira. Inu potembenuza chidutswa chimodzi nkusiya china, mfumu yanu yafulatira Amun ndipo ikupereka nsembe kukhomo lotulukira. Chimenecho mukonze ndithu.

Zopekazo fufutani. Njira yosavuta ndi iyi: musalembe zambiri. Tengani mayina a mfumu a m'mikombero yozungulira ija, amene amati cartouche, mukopere bwinobwino kuchokera pachithunzi chenicheni cha nsanamira za ku Karnak. Dzina laufumu la Ramesses II ndi Usermaatre Setepenre, la Seti I ndi Menmaatre. Amabwerezedwa paliponse m'holo muja, ndiye mukawabwereza simukunama. Nsanamira zakutali ingoikani timadontho ta mitundu tosonyeza kuti pali zolemba, diso silingawerenge patali chotero. A yunivesite ya Memphis ku America ali ndi ntchito yolemba ndi kujambula zonse za m'holo imeneyi, ndipo a yunivesite ya UCLA anapanga pa intaneti Digital Karnak yoonetsa mmene kachisi ankakulira mfumu ndi mfumu. Yambirani kumeneko osati pazithunzi zongotola.

Wamapulani ku Johannesburg:
Ndiwonjezere pa mfumu ndi mfumupo. Sankhani chaka chimodzi muime pamenepo. Ine ndikanasankha nthawi ya Ramesses II holo itangotha kukongoletsedwa, chifukwa pambuyo pake Ramesses IV anadzadinda mayina ake pansanamira zambiri. Mukakopera chithunzi cha lero osasamala mutenga ndi ake omwe. Komanso ngati mwaima kukhomo la kumadzulo kuyang'ana kum'mawa, dzanja lamanzere ndi kumpoto, kumene zosema za Seti I ndi zotumphukira kunja. Kumanja ndi kummwera, kumene zambiri za Ramesses II ndi zolowa mkati mwa mwala. Ndi burashi mungazisiyanitse ndi mthunzi wokha. Chotumphuka chimagwetsa mthunzi kunja kwa mzere, mbali yotalikira kuwala. Cholowa mkati mthunzi umakhala mkati mwa mzere, mbali imene kuwala kukuchokera. Ndi kanthu kakang'ono koma amene akudziwa adzakupatsani ulemu. Muonenso mmene amachitira Jean-Claude Golvin, mmisiri wa mapulani wa ku France amene anagwirapo ntchito ku Karnak nkumajambula mizinda yakale ndi penti wa madzi. Amayamba ndi miyezo, kukongola kumabwera pambuyo.

Wazikwangwani wa ku Limbe:
Mutu umodzi susenzadi denga, makamaka lamiyala. Nanga anthu a pansanamirawo? Anga akuoneka ngati osewera mpira.

Mayi wa Zamabuku ku Zomba:
Chifukwa mwawajambula ndi diso la masiku ano. Iwo ankayamba ndi mabokosi. Ankaviika chingwe mu penti wofiira, kuchikoka pakhoma nkuchithwanitsa, monga achitira madala ndi chingwe cha choko. Munthu woimirira ankatenga mabokosi 18 kuchokera kuphazi kufika pamene tsitsi layambira pamphumi. Bondo pa mzere wa 6, pokumana khosi ndi mapewa pa 16. Wojambula ankalemba ndi wofiira, mkulu wake nkudzakonza ndi wakuda, kenako wosema, pomaliza wopaka. M'manda a mfumu Horemheb ku Valley of the Kings ntchito inasiyidwa panjira ndipo masitepe onsewa akuoneka. Nkhope chammbali, diso lathunthu, mapewa choyang'ana kuno, miyendo chammbali. Amuna khungu lofiirira ngati katondo, akazi lachikasu chotuwa, Amun kawirikawiri wabuluu ndi nthenga ziwiri zazitali kumutu. Penti wake ndi wafulati, mosachita kusakaniza kuwala ndi mthunzi pathupi, kenako mzere woonda kuzungulira.

Koma samalani apa. Malamulo amenewa ndi a anthu osemedwa pamwala. Anthu amoyo oyenda pansi muwajambule ngati anthu enieni.

Aphunzitsi Opuma ku Dedza:
Ndipo oyenda pansiwo asakhale chikhamu cha pamsika. Mkati mwa kachisi simunali molowa aliyense ngati tchalitchi. Ika ansembe ometa mipala, ovala bafuta woyera, atasenza pamapewa ngalawa yopatulika ya Amun, ya mutu wa nkhosa yamphongo kutsogolo ndi kumbuyo. Pa chikondwerero cha Opet ankaitulutsa kupita nayo ku kachisi wa Luxor, mtunda wa makilomita pafupifupi 3. Pamenepo ana adzakhala ndi nkhani yofunsa.

Za mapiramidi uwauze ahedi mwaulemu kuti a ku Giza ali kumpoto, makilomita pafupifupi 500 kuchokera ku Karnak, ndipo pamene Seti I ankamanga holoyi anali atakhala kale zaka zoposa 1,000. Munthu ali mkati mwa nyumba yofolera angawaone bwanji? Ngati ndi mphunzitsi weniweni amva.

Wamadirama:
Ngati ndi mwini ndalama weniweni samva. Inu mukumuphunzitsa mnyamatayu za Nun, koma lendi yake ili m'thumba la ahedi. Ndanena ine.

Madala a Pulasitala:
Apa Wamadirama wanena zoona pang'ono. Usakayambe ndi kuwauza kuti alakwa, munthu wamkulu pamaso pa aphunzitsi ake sangabwerere. Tenga hadibodi ya mita imodzi, ujambulepo nsanamira imodzi yogawa pakati, theka mmene ilili lero, theka ndi penti wake. Upite nayo pamodzi ndi zithunzi za ku Esna zija. Uwasiye anene okha kuti ayi ndi bwino chonchi.

Mayi wa Zamabuku ku Zomba:
Nzeru ya madalayo itha kulowanso pakhoma penipenipo. Mamita 6 ndi ambiri. Mita imodzi ya kumapeto kudzanja lamanja muisiye ikhale bwinja la lero: mwala wa mtundu wa mchenga, denga palibe, thambo likuoneka, kamlendo kali ndi kamera. Kenako penti azibwera pang'onopang'ono kulowera kumanzere mpaka holo yathunthu. Ahedi apeza khaki wawo, ana aona kuti zimene zilipo ndi ziti ndipo zimene wojambula wabwezeretsa ndi ziti. M'mabuku timachita zomwezo. Ku Metropolitan Museum ku New York anachitapo zofanana ndi kachisi wa Dendur, kuwalitsa mitundu ndi pulojekita pamwala wosapaka kuti anthu aone zonse ziwiri. Pansi pake mulembe mzere umodzi wonena kuti ndi Karnak nthawi ya Ramesses II, ndi kuti mitundu ya malo ena mwayerekeza kuchokera ku akachisi ena. Ine ndimaumirira pa kamzere kameneko chifukwa ana amakhulupirira khoma kuposa buku.

Wazikwangwani wa ku Limbe:
Ndabwerako, akuluakulu. Ndinachita ya hadibodi ija. Ahedi anayang'ana zithunzi za ku Esna nthawi yaitali, anafunsa kawiri ngati si za pakompyuta, kenako anaitana aphunzitsi a mbiri yakale amene anavomereza. Mapiramidi achoka. Ngamila akuti ikhalebe, ndiye tagwirizana kuti iime kumbali ya bwinja la lero, kunja, pafupi ndi mlendo wa kamera. Awonjezera masiku 10 koma ndalama akuti ndi zomwe zija, angogula PVA woyera wa malita 5.

Ndafafaniza thambo, denga ndalemba kale ndi choko, nsanamira ndazinenepetsa. Oxide wagwira bwino kwambiri, madala. Chimene chikundivuta tsopano ndi buluu. Wa m'sitolo akuwala ngati yunifolomu ya sukulu, ndipo ndikathira wakuda akusanduka wotuwa ngati bulangete.

Madala a Pulasitala:
Wakuda amapha buluu. Thira kadontho ka red oxide m'malo mwake, kochepa ngati kambewu ka mpiru, ndi koyera pang'ono. Yesa pakatoni udikire aume, PVA amasintha akauma.

Mayi wa Zamabuku ku Zomba:
Ndipo mupange awiri, wadenga wozama ndi wa khungu la Amun wopepukirapo. Mdima wa m'mbali musaupange ndi penti wokhuthala. Malizani kaye mitundu yonse, kenako musungunule bulauni ndi madzi ambiri, mupake kopyapyala kawiri kapena katatu, kukulitsa mukamatalikira msewu wapakati. Mizere ya kuwala kochokera m'mawindo ikhale yomaliza, ndi burashi youma.

Wazikwangwani wa ku Limbe:
Ndamva. Mawa ndiyamba ndi nyenyezi khosi lisanatope. Alipo ali ndi makwerero aatali kuposa anga kuno ku Limbe andibwereke mpaka Loweruka?

Wamadirama:
Anga alipo, udzatenge madzulo. Koma ngamilayo ndidzajambula ndine.